Mlendo wa Nchito Afuna Denga ndi Mseu: Mabvuto a Anchito Ocokera Kunja ku Petauke ndi ku Nyimba

Mbiri ikamveka kuti dotolo wocokera kunja kwa dziko lino wapezeka kuti adzagwire nchito pa cipatala cakuti, kapena kuti mphunzitsi wa masamu ali m'njira kudza ku sukulu yakuti, anthu a m'midzi amakondwera ndipo amayamba kuwerenga masiku. Koma pakati pa kalata yolengeza za kubwera kwake ndi tsiku limene munthuyo ayamba nchito pamakhala mafunso awiri amene sakambidwa kawirikawiri pa msonkhano. Loyamba ndi lakuti: kodi adzafika motani pamodzi ndi banja lake ndi katundu wake? Laciwiri ndi lakuti: kodi akafika adzagona kuti?

M'maboma a Petauke ndi Nyimba mafunso amenewa ndi akale ndithu. Anabvutitsa amishoni amene anafika zaka zoposa 100 zapitazo. Anabvutitsa aphunzitsi amene Boma linaitana dziko litangolandira ufulu, anchito a mabungwe othandiza othawa nkhondo ku Ukwimi, ndiponso akatswiri amene anadzakonza mseu waukulu wocokera ku Lusaka. Nthawi zonse pamene yankho lasowa, wopsa nazo si mlendoyo ai, pakuti iye amapempha malo ena m'tauni kapena kubwerera kwao. Wotsala m'mabvuto ndiye mwana wa sukulu amene adzalowa m'mayeso asanaphunzire mokwanira, ndi mai wapakati amene adzafika pa cipatala usiku napeza kuti palibe wodziwa kucita opaleshoni.

MTUNDA NDIWO BVUTO LOYAMBA

Wanchito wocokera kunja amatsikira pa bwalo la ndege ku Lusaka. Kucokera kumeneko kufika ku Nyimba pali makilomita oposa 300, ndipo kufika ku Petauke pali makilomita pafupifupi 400. Njira yake ndi imodzi yokha, ndiyo mseu waukulu wa Great East Road. Njanji siinafike m'maboma awiriwa, pakuti imene inatsegulidwa mu 2010 yocokera ku Mchinji m'dziko la Malawi inathera pa Chipata. Cotero kanthu kali konse kolemera, kaya ndi bedi, furiji, mabuku, simenti kapena malata, kayenera kukwera lole, kutsika mapiri oopsa a Manenekela, kuoloka mtsinje wa Luangwa ndi kukweranso zitunda za ku Kacholola kasanafike pa Nyimba.

Mlatho wa pa Luangwa ndiwo khomo la cigawo conse ca Kum'mawa. Woyamba unamangidwa mu 1932 ndi ndalama za bungwe la Beit Trust. Mu 1968, pa nthawi imene Zambia anali kuthandiza omenyera ufulu a m'maiko oyandikana naye, mlatho wakalewo unaphulitsidwa, ndipo caka comweco kunatsegulidwa wina watsopano wogwiridwa ndi zingwe zacitsulo. Kuyambira pamenepo aliyense anadziwa kuti khomo limeneli likatsekeka, mankhwala, mafuta a galimoto ndi anchito omwe amaima tsidya lija.

Ndiponso kufika pa boma si kufika pa nchito. Masukulu ambiri ndi zipatala zazing'ono ziri kutali ndi phula. Madera a mafumu Luembe, Mwape ndi Nyalugwe m'boma la Nyimba atsikira ku cigwa, kumene dzuwa la mu Okutobala limatentha kopambana, kumene kuli udzudzu ndi kashembe, ndiponso kumene miseu yafumbi imasanduka matope mvula ikayamba. Timitsinje timene mwana amaoloka wapansi m'cilimwe timadzaza m'dzinja kotero kuti galimoto imaima pa gombe kudikira kuti madzi aphwe. Munthu wotumizidwa kumalo otere mu Januwale akhoza kufika yekha ndi cikwama ca m'manja, katundu wake natsala pa boma kufikira mvula itakata.

AMISHONI ANAYAMBA NDI NJERWA

Alendo oyamba kukhala m'dera lino kwa zaka zambiri anali amishoni. A mpingo wa Dutch Reformed anatsegula mishoni ya Nyanje mu 1905, imene tsopano iri m'boma la Sinda, ndipo pambuyo pake anatsegulanso ya Hofmeyr ku dera la Nyimba. Akatolika a White Fathers anakhazikika pa Minga m'zaka za m'ma 1920. Masiku oyambawo kunalibe lole. Mabokosi anali kunyamulidwa pamutu ndi amtengatenga, ndipo ulendo umene lero utenga tsiku limodzi unali kutenga milungu.

Mmishoni asanamange kanthu anayamba wapempha malo kwa mfumu, nafunafuna madzi osaphwa ndi dothi loumbira njerwa. Nyumba yoyamba inali ya mitengo ndi udzu monga za anthu onse, ndipo ya njerwa zoocha inatsatira m'mbuyo. Motero mishoni iri yonse inakula ngati mudzi: chalichi, sukulu, cipatala, ndi mzere wa nyumba za anchito pafupi pomwepo. Ici ndico cimodzi ca zifukwa zimene zipatala za Minga ndi Nyanje zinakhozera kusunga madotolo ndi masisitere ocokera kutali kwa zaka zambiri. Wobwera kumene anapeza denga, citsime ndi dimba la ndiwo ziri kale, ndipo wodwala akafika pakati pa usiku, dotolo anali kungoyenda mapazi owerengeka kucokera pa khomo pake.

AMUNA A KUNO NAWONSO ANALI ALENDO

Anthu a m'dziko la Ansenga safunika kuuzidwa ndi munthu kuti kugwira nchito m'dziko la eni n'kotani, pakuti agogo ao anaziona ndi maso. Boma la atsamunda litaika msonkho wolipira ndi ndalama, amuna ambirimbiri anacoka m'midzi ya mafumu Kalindawalo, Mumbi, Nyamphande, Sandwe, Mwanjawanthu ndi Ndake kunka ku mapulazi a fodya ndi ku migodi ya ku Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni. Poyamba anayenda wapansi milungu yathunthu, kupyola m'dziko la Apwitikizi ndi kuoloka Zambezi pa bwato, atasenza ufa ndi mphika pamutu.

M'zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia, pofuna kuti anchito azifika ambiri ndi amphamvu, linayambitsa malole onyamula anthu kwaulere, pamodzi ndi misasa yogonamo ndi cakudya ca pa njira. Anthu anaucha ulendowo Ulere. Olemba nchitowo anazindikira kuti wanchito sangafike ngati palibe comunyamula, koma za pogona sanasamale kwenikweni. Ambiri anaikidwa m'makomboni, amuna angapo m'cipinda cimodzi, akazi ndi ana atatsala kumudzi. Otere anali kungowerenga matikiti ao a nchito kuti abwerere. Koma ena amene anapeza nyumba ya banja ku Salisbury, ku Bulawayo kapena ku Wankie anakhazikika komweko, ndipo kwao anawacha machona.

Mbiri imeneyi iphunzitsa cinthu cimene aliyense wa m'mudzi adziwa: munthu amakhazikika kumene mkazi wake ndi ana ake apeza pokhala. Mtima wa dotolo wocokera ku India kapena ku Holland susiyana ndi wa agogo aja.

UFULU UNAFIKA, APHUNZITSI ANACEPA

Pamene Zambia analandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, eni dziko amene anali atatsiriza maphunziro a pa yunivesite anali pafupifupi 100 okha. Boma la Pulezidenti Kenneth Kaunda linafulumira kumanga masukulu a sekondale m'maboma a kumidzi, ndipo Petauke nayo inakhala ndi sukulu yake yogonera komweko. Makalasi anaimirira msanga, koma aphunzitsi a m'dziko muno sanakwanire. University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo madotolo ake oyamba anatsiriza maphunziro mu 1973. M'zaka zimenezo Boma linalemba nchito aphunzitsi ndi madotolo ocokera ku Britain, Ireland, India, Sri Lanka, Ghana ndi maiko ena, pa mapangano a zaka ziwiri kapena zitatu.

Pangano linalonjeza tikiti ya ndege, nyumba ya Boma, ndi ndalama ina yapadera pa kutha kwa zaka zimene anagwirizana. Bvuto linali lakuti kulemba munthu nchito kumatha m'miyezi yocepa, pamene kumanga nyumba kumalo akutali ndi Chilanga, kumene simenti inali kucokera, kumatenga nthawi yaitali. Wobwera nyumba isanathe anali kugona ku resiti hausi kapena kugawana nyumba imodzi ndi mnzake. Kwa wosakwatira zinali zopiririka. Kwa munthu wa banja zinali zina, makamaka popeza masukulu amene alendo ambiri anafuna kutumizako ana ao anali ku Lusaka ndi ku Migodi. Cifukwa ca ici ambiri sanaonjezere pangano, ndipo ena anapempha kusamukira m'matauni a m'mbali mwa njanji.

Wocoka aliyense anasiya mpata, ndipo mipata yambiri inali ya masamu ndi sayansi, maphunziro amene aphunzitsi ake anali osowa koposa. Kalasi limene lasintha aphunzitsi kawiri kapena katatu lisanafike pa mayeso a Fomu 5 limabwerera m'mbuyo, pakuti watsopano sadziwa pamene mnzake analekezera. Kholo limene linagulitsa nshawa ndi thonje kuti mwana apite ku sekondale silinadziwe kuti zotsatira za mayeso zinadaliranso nyumba ya mphunzitsi imene inalibe denga.

KATUNDU WOCEDWA PA NJIRA

Pa 9 Januwale 1973 boma la Ian Smith linatseka malire a Rhodesia ndi Zambia, ndipo Pulezidenti Kaunda sanabvomere kugwiritsanso nchito njanji ya kum'mwera kufikira mu Okutobala 1978. Njanji ya Benguela yopita ku doko la Lobito nayo inatsekeka mu 1975 cifukwa ca nkhondo ya ku Angola. Katundu wambiri anayamba kudzera ku Dar es Salaam, poyamba pa malole, kenaka pa njanji ya TAZARA yotalika makilomita 1,860, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China ndi kuperekedwa mu 1976. Doko linadzaza kwambiri, ndipo katundu anali kucedwa kumeneko kwa nthawi yaitali. Bokosi la mphunzitsi wa ku Petauke linayenera kutuluka pa dokopo, kutsika pa Kapiri Mposhi, kufika ku Lusaka, ndi kudikira lole yonka kum'mawa.

Pamwamba pa zimenezi mtengo wa kopa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo ndalama zakunja zinasowa m'dziko. Zitsulo zokonzera mapampu a madzi, majenereta ndi magalimoto a Boma zinakhala zobvuta kupeza. Sopo, shuga ndi mafuta ophikira anthu anali kugula ataima pa mzere. Alendo anabvutika kutumiza kwao gawo la malipiro ao m'nthawi yake, ndipo ambiri anamanga katundu nacoka.

Mwamwai, pa nthawi yomweyo ana a dziko lino ocokera ku yunivesite ndi ku koleji ya Nkrumah ku Kabwe anayamba kulowa m'malo mwao. Iwo analowa m'nyumba zomwe zija zimene zinamangidwira alendo. Pamene panamangidwa nyumba zolimba, mphunzitsi wa m'dziko muno anapeza pokhala. Pamene panalibe, iyenso anakumana ndi bvuto lomwe lija limene linathamangitsa mnzake.

PHUNZIRO LA KU UKWIMI

Nkhondo ya pakati pa FRELIMO ndi RENAMO itakula m'cigawo ca Tete, anthu zikwi zambiri a ku Mozambique anathawira m'midzi ya m'malire a cigawo ca Kum'mawa. Popeza zigawenga zinali kuolokanso malire ndi kubvutitsa anthu, Boma pamodzi ndi bungwe la UNHCR linatsegula malo a Ukwimi mu 1987, makilomita pafupifupi 70 kucokera pa boma la Petauke. Kumeneko kunadzakhala othawa nkhondo oposa 20,000, ndipo bungwe la Lutheran World Federation linapatsidwa udindo waukulu woyendetsa nchito za pamalopo.

Malo otere sakanayenda ndi anchito ogona pa boma. Munthu woyenda makilomita 70 m'mawa ndi 70 madzulo pa mseu wafumbi amataya maora ambiri, amaononga mafuta ndi galimoto, ndipo m'dzinja masiku ena safika n'komwe. Cotero pamodzi ndi kulambula miseu, kukumba zitsime za pampu, ndi kumanga masukulu, zipatala zazing'ono ndi nyumba zosungiramo cakudya, panamangidwanso nyumba za anchito pamalo pomwepo.

Pangano la mtendere litasainidwa mu mzinda wa Rome pa 4 Okutobala 1992, ambiri a othawa nkhondowo anabwerera kwao mu 1994. Iwo anapita, ndipo anchito ocokera kunja anapitanso, koma zomangidwa zinatsala. Boma linasandutsa Ukwimi kukhala malo okhazikitsapo alimi a m'dziko muno, ndipo mu 2018 dera limeneli linakhala mbali ya boma latsopano la Lusangazi limene linapatulidwa ku Petauke. Ndalama zimene zinalipira malipiro a akatswiri zinacoka nao limodzi, koma zimene zinagula njerwa ndi malata zinatsalira eni dziko.

NYUMBA ZA BOMA ZITAGULITSIDWA

Kuyambira mu 1996 Boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linagulitsa nyumba za makhonsolo ndi zambiri za Boma kwa anthu amene anali kukhalamo. Mabanja ambiri anakhala eni nyumba kwa nthawi yoyamba, ndipo cimeneci cinali cabwino kwa iwo. Nyumba za pa masukulu ndi pa zipatala sizinayenere kugulitsidwa. Koma pa boma, wanchito wobwera kumene, kaya mlendo kaya mwini dziko, sanapezenso nyumba yomudikira monga kale. Anayenera kufunafuna ya lendi.

Pa Petauke ndi pa Nyimba anthu a malonda anayamba kumanga nyumba za lendi ndi malo ogona alendo, ndipo bvutoli linacepako pa boma. Koma kumudzi kulibe nyumba ya lendi. Sukulu imene iri makilomita 50 kucokera pa phula ikakhala ndi aphunzitsi asanu ndi nyumba ziwiri, otsalawo amagona m'kalasi, m'ofesi kapena m'kanyumba kobwereka, ndipo mtima wao umakhala pa kalata yopempha kusamuka.

Boma la Holland linatumiza madotolo ake ku zipatala za kumidzi m'dziko lino kwa zaka zambiri. Mu 2003 njirayo inasinthidwa. Thandizo la dziko limenelo linayamba kugwira nchito yokopa madotolo a m'Zambia momwe kuti abvomere kukhala kumidzi kwa zaka zitatu. Zimene anawalonjeza n'zophunzitsa: ndalama yoonjezera pa malipiro, ndalama yokonzera nyumba, fizi ya ana ku sukulu, ndi ngongole yogulira galimoto. Nyumba, sukulu ya ana ndi mayendedwe ndizo zomwe zija zimene zinacotsa aphunzitsi acilendo zaka 30 m'mbuyomo.

MUDZI WOMANGIRA MLENDO

Njira ina inaoneka pamene anyamata ndi atsikana odzipereka a bungwe la Peace Corps la ku America anayamba kufika m'dziko lino mu 1994. Ambiri anatumizidwa m'midzi ya cigawo ca Kum'mawa kwa zaka ziwiri, kuthandiza pa za umoyo, maphunziro ndi ulimi. Mudzi wopempha munthu wotere unayenera kuyamba wakonza pokhala pake: nyumba yonga ya anthu onse, cimbudzi, bafa ndi khichini. Bungwelo linali kuona nyumbayo lisanabweretse munthu, linamuphunzitsa cilankhulo ca kumaloko, ndi kumupatsa njinga.

Ubwino wa njira imeneyi unali wakuti mtengo wake unali wocepa, ndipo mlendo anakhala pakati pa anthu, kutunga madzi pa citsime cimodzi ndi kupita ku maliro amodzi. Koma iri ndi malire ake. Imayenera wacinyamata wopanda banja amene anadzipereka yekha. Dotolo wa opaleshoni amene ali ndi mkazi ndi ana, amene ayenera kudzuka usiku ndi kuwerenga mabuku a nchito yake, afunika nyumba ya madzi ndi magetsi pafupi ndi cipatala. Ngakhale ziri conco, midzi imene inamangira alendo aja inaonetsa kuti nyumba ikhoza kutha munthu asanafike, ngati nyakwawa ndi anthu ake apangana tsiku loumba njerwa ndi tsiku lomweta udzu.

OMANGA MSEU NDI MISASA YAO

Kuyambira mu 2013 mseu wa Great East Road unakonzedwanso kucokera pa mlatho wa Luangwa kufika ku malire a Mwami, mtunda wa makilomita pafupifupi 360. Ndalama zinacokera ku European Union, European Investment Bank, African Development Bank ndi dziko la France, ndipo nchitoyo inapatsidwa kwa makampani awiri a ku Portugal, Mota-Engil ndi Conduril. Makampani a miseu sadikira nyumba za Boma. Asanayambe kuthira phula amamanga msasa wao wokhala ndi nyumba zogona, maofesi, malo okonzera makina, jenereta ndi citsime cao.

Msasa wa mtundu umenewu ufunika malo, ndipo malo ambiri a m'maboma awiriwa ali m'manja mwa mafumu. Lamulo la malo la mu 1995 linanena kuti malo a mfumu sangalembedwe pa dzina la munthu kapena kampani popanda cilolezo ca mfumuyo ndi khonsolo. Apa ndipo pali mphamvu ya eni dziko. Mfumu ndi nyakwawa zake akhoza kufunsa zisanayambe zonse: kodi msasawo udzakhala zaka zingati? Kodi amene munda wake watengedwa adzalandira ciani? Kodi nchito ikatha, citsime ndi nyumba zidzatsalira yani, ndipo maenje okumbamo miyala adzakwirira ndani? Mayankho akalembedwa pa pepala, mudzi umatsala ndi kanthu. Akangonenedwa pakamwa, tsiku lina malole amanyamula zonse usiku, anthu nadzuka kuona simenti yokha ya pansi.

LAMULO LITI CIANI

Mlendo sangangofika ndi kuyamba nchito. Lamulo la olowa ndi otuluka m'dziko la mu 2010 linafuna kuti akhale ndi cilolezo ca nchito cocokera ku ofesi ya Immigration. Dotolo ayenera kulembetsa ku Health Professions Council of Zambia, mphunzitsi ku Teaching Council of Zambia, ndipo injiniya ku Engineering Institution of Zambia. Malikulu a maofesi onsewa ali ku Lusaka, cotero pepala limodzi likasowa, munthu wa ku Petauke ataya masiku pa ulendo. Kucedwa kwa mapepala kumaononganso za nyumba, pakuti mwini nyumba ya lendi sangaisunge yopanda munthu kwa miyezi yambiri.

Lamulo la anchito la mu 2019 linaika udindo wa pogona pa wolemba nchito: apereke nyumba, kapena ndalama ya nyumba, kapena thandizo lakuti wanchito agule kapena amange yake. Lamulo lomwelo linafunanso kuti pamene palembedwa katswiri wocokera kunja, pakhale mwini dziko wophunzira nchitoyo kwa iye kuti adzalowe m'malo mwake. Koma kuti wophunzirayo aphunziredi, ayenera kukhala pafupi ndi mphunzitsi wake. Ndiye kuti pa malo pamene pakubwera katswiri mmodzi pafunika nyumba ziwiri.

ZIMENE MUDZI UNGACITE

Mu 2022 Boma linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000 ndi anchito za umoyo oposa 11,000, ndipo ambiri anatumizidwa kumidzi. Caka comweco ndalama za citukuko za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu wa Nyumba ya Malamulo. Zopempha za ndalama zimenezi zimayambira m'makomiti a citukuko a m'mawadi, kumene munthu wamba ali ndi mau. Kawirikawiri anthu akafunsidwa amathamangira kupempha kalasi latsopano kapena cipinda ca amai oyembekezera, pakuti ndizo zooneka. Koma kalasi lopanda nyumba ya mphunzitsi limakhala lotseka, ndipo cipatala cimene namwino wake agona kutali cimatseka dzuwa likalowa.

Nyumba imene isunga wanchito siifunika kukhala ya mtengo wapatali. Ifunika denga losadontha, zitseko ndi maloko olimba, mazenera otsekeka kuti udzudzu usalowe, cimbudzi cabwino, madzi apafupi, ndi nyale ya sola ngati magetsi sanafike. Nthawi yake nayo njodziwika kwa mlimi aliyense. Njerwa ziumbidwe anthu atangotha kukolola, zioochedwe mvula iri kutali, ndipo denga likhale litakwera mwezi wa Novembala usanafike. Mcenga ndi miyala zitutidwe ndi ngolo miseu iri youma. Amene ali ndi udindo wosamutsa wanchito aonetsetse kuti katundu wake waoloka timitsinje mvula isanayambe.

Akulu a kale anati mutu umodzi susenza denga. Mfumu ipereka malo, anthu aumba njerwa, khonsolo ndi komiti ya CDF agula simenti ndi malata, ndipo Unduna utumiza munthu. Mmodzi mwa amenewa akacedwa, onse acedwa. Anatinso mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka, ndipo mbiri ya Petauke ndi Nyimba yatsimikiza mau amenewa: amishoni anapita, aphunzitsi a ku India anapita, a ku Ukwimi anapita, omanga mseu nawonso anapita. Koma pamene anasiya nyumba yolimba, m'nyumbamo munalowa mwana wa dziko lino, ndipo nchito inapitirira. Cotero makolo amene afuna dotolo kapena mphunzitsi, wocokera kunja kapena wa kuno komwe, acita bwino kunyamula funso la nyumba yake kupita nalo ku msonkhano wa wadi caka cino, njerwa zisanayambe kuumbidwa.